Zibangili za mikanda pa phwando la ana ku Chilomoni

Mwana wa achemwali anga amakwanitsa zaka 7, ndipo pogawana ntchito za phwando ine inandigwera yoti ana asasowe chochita keke isanadulidwe. Pabwalo pawo ku Chilomoni ndi popanikiza, sipothamangitsana. Ndinasankha zoti mwana aliyense apange chibangili chake cha mikanda, apite nacho kwawo m'malo mwa kathumba ka maswiti.

Zogula ndinakazipeza ku Limbe, m'mashopu ogulitsa ulusi, mabatani ndi zipi. Nditangotchula mikanda, mayi wogulitsa ananditulutsira ing'onoing'ono yagalasi ija uku akumwetulira. "Ayi mayi, ndi ya ana iyi, ndikufuna ya mabowo aakulu," ndinatero. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Mikanda ing'onoing'ono imafuna singano ndi maso a munthu wamkulu, mwana wa sitandade 1 akalephera kawiri amaitaya n'kuyamba kulira. Yapulasitiki ya mabowo aakulu imalowa yokha. Ndinagulanso lasitiki wopyapyala woonekera, selotepi ndi kabotolo ka kyutekisi yopanda mtundu.

Palinso mikanda yokhala ndi zilembo, ndipo ana amaikonda kuposa ina yonse. Koma mapaketi ake sanaikiridwe mayina athu. Chilembo cha A chimatha msanga, poti Madalitso, Tamanda ndi Takondwa onse akuchifuna kangapo, pomwe Q ndi X zimangotsala. Ndinagula paketi yowonjezera, ndipo ndinakonzeratu zoti tizilemba mayina odula, monga Mada kapena Chiko. Dzina lathunthu limadzaza mkono wonse, mikanda yokongola n'kusowa malo.

Agogo a mwanayo anati bwanji osangotola njere kutchire monga ankachitira iwo ali atsikana. Ndinawakanira mwaulemu. Njere za nsatsi zili ndi poizoni, chimodzimodzinso tinjere tofiira towala tija tokhala ndi kadontho kakuda, ndipo poizoni wake amatuluka njere ikabooledwa kapena ikatafunidwa. Ana amaika chilichonse m'kamwa. M'malo mwake ndinapempha zidutswa za chitenje kwa telala wapafupi, zimene amangotaya, ndipo agogowo anazing'amba timizeremizere toti atsikana akuluko aluke ngati tsitsi. Anagwira ntchitoyo mokondwa, nkhani ya njere inathera pomwepo.

Ntchito yeniyeni inali ya usiku woti mawa ndi phwando. Mkono wa mwana wa msinkhu umenewu umazungulira masentimita pafupifupi 15, koma lasitiki ndinkadula masentimita 25 kuti pakhale pogwira pomanga mfundo. Chidutswa chilichonse ndinkachikoka kangapo ndisanachisunge, chifukwa lasitiki watsopano amatalika akavalidwa, chibangili n'kuyamba kugwedera tsiku lomwelo. Kunsonga imodzi ndinkamata kaselotepi kuti mikanda isapulumukire kumbuyo mwana ali kalikiliki kulowetsa kutsogolo. Mikandayo ndinaigawa m'mathireyi a mazira, mtundu uliwonse m'dzenje lake, thireyi imodzi ya ana atatu kapena anayi. Mukaika mbale imodzi pakati pa onse, pasanathe mphindi zisanu wina waigubuduza ndi bondo.

Tsiku laphwando tinayala mkeka pakhonde, pamwamba pake n'kuyalapo chitenje, poti mkanda ukagwera pa simenti umadumpha mpaka ku ngalande, pomwe pansalu umakhala pomwe wagwera. Tinayamba chakudya chisanabwere. Manja a tchipisi ndi nkhuku sagwira lasitiki. Ana osakwana zaka 3 anakhala ndi amayi awo kwina, ndipo pa ichi sindinagonje ngakhale wina analirira kukhala ndi mkulu wake. Mkanda umatsamwitsa, umalowanso m'mphuno.

Ndinawaonetsa kamodzi kokha: gwira kunsonga kopanda selotepi, lowetsa mkanda, ukankhire pansi. Zosankha mitundu ndinawasiyira eni ake. Anyamata poyamba anaima patali, akuti izi n'za atsikana. Ndinangofunsa kuti ndani pano ndi wa Bullets, ndani wa Noma. Nthawi yomweyo anakhala pansi, a Maule kulimbirana yofiira ndi yoyera, a Manoma yabuluu ndi yoyera, ndipo yoyerayo ndi imene inayamba kutha. Mtsikana wina wodekha anapanga cha mitundu ya mbendera, wakuda, wofiira, wobiriwira, kubwereza mpaka kuzungulira mkono osaphonya. Ena anangosakaniza mmene mtima wawo unafunira, ndipo ine sindiona vuto. Makolo ena amafuna kumukonzera mwana kuti chioneke bwino pa chithunzi, koma chikatero chasanduka chawo.

Kumanga mfundo ndi kwa akuluakulu. Aliyense akamaliza ankabwera kwa ine, "Anti, ndathana nacho," ine n'kuyesa pamkono pake kaye. Pakhale mpata woti chala chimodzi chilowe. Pomanga, nsonga ziwirizo ndinkazipingasa monga mwa nthawi zonse, kenaka pa mfundo yachiwiri n'kuzunguliza kawiri ndisanakoke, chifukwa mfundo wamba pa lasitiki imamasuka yokha. Pamwamba pake kadontho ka kyutekisi, kudikira kaume, kudula zotsala ndi sizasi, kenaka kukokera mfundoyo m'bowo la mkanda woyandikana nawo kuti isakande khungu. Sizasi ndi kyutekisi zinali m'thumba langa nthawi yonse. Apa mzere unakula, ndipo anatithandiza ndi alamu anga, amene anaphunzira mfundoyo pomwepo. Ana akapitirira khumi, omanga mfundo akhale awiri kuyambira pachiyambi.

Zonse zinatenga pafupifupi theka la ola, malire amene mwana wa zaka 7 angakhale pansi. Othamanga anapanga chachiwiri cha amayi awo, ndipo lasitiki wa masentimita 25 uja anakwanabe, ngakhale pomanga panali pothina. Tisanaitane aang'ono aja kuti abwere ku keke, tinanyamula chitenje chija m'makona ake anayi, kukhuthulira mikanda yotsala m'botolo, n'kusesa khonde lonse mpaka pansi pa mipando.