Tsiku limene ndinasakasaka dalaivala Zomba yonse

Kubanja kwa akazi anga ankanditchula kuti "injiniya". Udindowu ndinaupeza mwangozi, tsiku lina nditachotsa batire m'foni ya apongozi n'kulibwezeramo, foniyo n'kuyaka. Chiyambire pamenepo chilichonse chokhala ndi batani chikadwala ankabwera nacho kwathu ku Matawale, ndipo ine sindinkakana, chifukwa ulemu wotere suwawa.

Loweruka lina m'mawa alamu anga, akulu awo a mayi akunyumba, anatsika pa kabaza atafukata laputopu ngati khanda. Iwowa ndi mlembi wa banki m'khonde kwawo ku Chinamwali, ndipo maina onse a angongole amasunga m'menemo. Anati makinawo ayamba ulesi: ukawayatsa umatha kutereka madzi, kuphika tiyi, kumwa n'kutsuka kapu, iwo asanadzuke. Anali atamvanso kuti Windows 10, pulogalamu yaikulu yoyendetsa laputopuyo, inasiya kulandira zoteteza pa 14 Okutobala 2025, ndiye mtima sunali m'malo, poopa kuti akuba a pa intaneti angadziwe amene sanabweze ngongole ya Juni.

"Alamu, khazikani mtima pansi," ndinatero ndikupukusa mwendo. "Tiichita fomati, tiikemo Windows 11. Pitani mukaone zina, mukamabwera muipeza ikuthamanga."

Mafayilo awo ndinawakopera kaye pena, pamenepo pokha mundiyamikire. Fulashi ya 8 GB yokhala ndi Windows 11 ndinali nayo kale, yomwe ndinaikonza usiku wina ndi bandulo ya anthu osagona ija. Laputopuyo inali ndi mabowo awiri a USB. Limodzi linali lokhwepa, ukalowetsamo chinthu chimagwedera ngati dzino la mwana. Linalo munali kanthu kakuda, kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinati aka n'ka mausi, ndipo mausiyo sanabwere nayo. Ndinakazula, kukaponya m'thumba la malaya, n'kulowetsa fulashi yanga.

Zonse zinayenda ngati madzi a mu Mulunguzi nthawi ya dzinja, mpaka pamene makinawo anandiuza kuti tsopano tilumikize intaneti. Ndinatsegula hotspot pafoni. Pa laputopu panali mbee, osaoneka netiweki ngakhale imodzi, ndi ya aneba yomwe, ija imaoneka tsiku lililonse ngati ikutinyogodola. Batani lopitira patsogolo linali lotuwa, losadinika.

Apa ndinakumbukira nzeru ina. Nthawi imeneyo ukadina mabatani a Shift ndi F10 pamodzi pankatuluka kawindo kakuda, ukalembamo OOBE\BYPASSNRO makinawo ankazima n'kuyakanso, kenako ankakulola kunena kuti ulibe intaneti. Zinathekadi. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti mwina wina waona, koma panali nkhuku yokha pakhomo.

Windows inatseguka, yokongola, yonunkhira utsopano, koma Wi-Fi kunalibe. Mu Device Manager, momwe mumaoneka mndandanda wa zida zonse za m'kompyuta, ndinapeza timakona tachikasu tingapo, chizindikiro choti zida zina zilibe mapulogalamu oziyendetsa, amene anzathu a makompyuta amati madalaivala. Vuto lake n'loseketsa ukamalimva kwa wina. Kuti Wi-Fi igwire ntchito pafunika dalaivala, dalaivalayo ali pa intaneti, ndipo kuti ufike pa intanetipo pafunika Wi-Fi. Kiyi watsekeredwa m'nyumba, iwe uli panja.

"Bambo, mwangoti zii bwanji?" anafunsa mayi akunyumba akusankha mpunga.

"Ndikusowa dalaivala."

"Wa minibasi? Mukupita kuti osandiuza?"

Sindinayankhe. Ndinatenga chingwe cha tchaja kuti intaneti ya pafoni idutse pachingwe, njira yomwe sifuna Wi-Fi. Foni inayamba kutchaja mosangalala, koma malo oyatsira USB tethering anakana kudinika. Ndinasintha chingwe, chimodzimodzi. Zingwe zina zotchipa zimangokhala ndi mawaya a moto okha, a data mulibe, ndipo m'nyumba mwathu zonse zitatu zinali za mtundu umenewo. Apa n'kuti thukuta litanyowetsa malaya mpaka kumsana. Ndinawavula n'kuwakoleka pampando, kuvala ena, ulendo wa kumsika waukulu wa Zomba.

Mnyamata wogulitsa zingwe, fungo la matemba a ku Chilwa likutipeza pomwepo, anandilumbirira kuti zake zonse ndi orijino. Ndinamufunsa ngati chingwecho chimadutsa data.

"Biggie, ichi chimadutsa chilichonse."

Ndinagula ziwiri zosiyana, poti mawu amenewo ndinawamvapo kale.

Chimodzi chinagwira. Laputopu inalandira intaneti, ine n'kuti laponda lamphawi. Ndinadzuka kukamwa madzi, kucheza pang'ono ndi aneba za mpira, pobwera ndinapeza uthenga pafoni woti bandulo yanga yatha. Ya mwezi wonse, yogulidwa Lachinayi. Intaneti ikabwera pachingwe, Windows imaiona ngati ya mu ofesi yosawerengera, ndiye imayamba kudzikokera zonse zatsopano mosaumira, pokhapokha utaiuza kuti ndi metered connection, kutanthauza intaneti yowerengera. Ine ndinaiuza mbale itatsukidwa kale.

Ndinagula bandulo ina ndi ndalama ya ndiwo. Timakona tachikasu tija tinatha kamodzikamodzi, mawu anabwera, kuwala kwa sikirini kunayamba kumvera, koma Wi-Fi ayi. Ndinkadziwa kuti chida chilichonse chili ndi nambala yosonyeza amene anachipanga, ya Intel ndi VEN_8086, ya Realtek ndi VEN_10EC, koma pamndandanda wonsewo chida cha Wi-Fi sichinkaoneka n'komwe. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kudzifunsa chifukwa chake. Ine ndinakoka dalaivala wa Intel n'kumuika. Sizinathandize. Ndinaika wa Realtek. Ndinaika wa Qualcomm, poti mankhwala akachuluka amodzi amagwira. Ndinadina batani la kandege, lija lozimitsa ndi kuyatsa netiweki, kambirimbiri, kuyatsa n'kuzimitsa, mpaka mwana wanga anafunsa ngati ndikusewera gemu. Ndinatulukanso nayo panja n'kuikweza m'mwamba moyang'anitsa kuphiri, ngati kuti netiweki itsika kuchokera ku Ku Chawe pamodzi ndi anyani.

Cha m'ma 5 koloko alamu anatulukira, atanyamula nthochi zothokozera injiniya. Zinthu zinali zitafika pa mwana wakana phala. Ndinakonza kukhosi n'kuyamba kuwafotokozera kuti makina a masiku ano ndi ovuta, pali nkhani ya madalaivala, mwina tidikire Lolemba. Iwo sankamvetsera. Ankaitembenuza laputopu ija, kuyang'ana m'mbali.

"Alamu, nanga kanthu kanga kaja kali kuti?"

"Kati? Ka mausi?"

"Mausi yanji? Ine mausi ndilibe. Kakuda kaja ndiye Wi-Fi yangatu. Ya m'kati inafa kalekale, mnyamata wokonza anaichotsamo n'kundigulitsa kameneko. Anati ndisamakazule."

M'nyumba munangoti zii. Tsiku lonse ndinkafunira dalaivala galimoto imene inagulitsidwa zaka zapitazo. Ndinagwira pachifuwa, thumba lopanda kanthu. Ndinayang'ana pampando, malaya aja palibe.

"Mayi, malaya anga a m'mawa aja?"

"Ndachapa. Ankanunkha thukuta ngati mwalima dimba."

Tonse atatu tinatuluka mondondozana kupita pachingwe choyanikira. Malayawo anali pakati pa matewera ndi chitenje, ndipo pakona ya thumba panali kanthu kolimba. Kanatuluka koyera bwino, konunkhira sopo, katanyikidwa, kufikisidwa ndi kutsukuluzidwa kawiri. Ndinati tikakwirire mumpunga kagone momwemo. Mayi akunyumba anati mpunga wawo ndi wa Lamulungu, ndikafune wanga.

Kanagona pawindo. M'mawa mwake, tisanapite kutchalitchi, ndinakalowetsa m'bowo muja dzanja likunjenjemera, ndipo pasanathe mphindi imodzi manetiweki anayi anandandalika pakona, ya aneba ili pamwamba penipeni. Alamu anatenga laputopu yawo, nthochi zija anasiya theka.

Sabata yatha apongozi anaimba foni, wailesi yawo yasiya kulankhula. Ndinamva akufunsa mwana wawo kuti, "Kodi adalaivala alipo?"