Pulani imodzi ya sukulu zisanu ndi ziwiri, nambala ya chivomezi nditenge iti?

Anandipatsa ntchito yojambula buloko ya makalasi yoti imangidwe chimodzimodzi pamalo asanu ndi awiri m'boma la Zomba, kuyambira ku Chingale mpaka ku Kachulu m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa. Ine mwaulesi ndinatsegula mapu a zivomezi, n'kuwerenga nambala ya pa tawuni, ndati basi yakwana. Injiniya wamkulu atayang'ana anangofunsa kuti, "Achimwene, ana onsewa aziphunzirira pa tawuni?"

Ndinayambiranso. Malo alionse ndinawapatsa mzere wake pa kompyuta, n'kulemba mphamvu ya kugwedezeka kwa nthaka imene mapu akuonetsa pamenepo. Mapu ndi oyenera kuwasamala: timatenga a chivomezi chokhala ndi mwayi wa 10 pa 100 wopitiriridwa m'zaka 50, chimene timati cha zaka 475. Malo a ku Chingale anatsogola, ndipo sindinadabwe. Kuseri kwa phiri la Zomba, potsikira kuchigwa cha Shire, kuli ming'alu ikuluikulu ya pansi pa nthaka, mbali ya chigwa chomwe chija chinagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009.

Koma nambala ya pamapu ndi ya pathanthwe, ndipo apa ndi pamene panagona nkhani. Tinayenda malo onse kukumbitsa maenje. Kwina khasu linkalira pamwala tisanafike m'chiuno. Ku Kachulu dothi linali makande okhaokha, omata ku fosholo, madzi n'kuyamba kutuluka pansi pa dzenje tikuona. Dothi lotere limakuza chivomezi ngati phala m'mbale ukaigwedeza. Mu Eurocode 8, malamulo a ku Ulaya omangira nyumba zopirira zivomezi, pa zivomezi zikuluzikulu nambala ya pamapu timaichulukitsa ndi 1.0 pathanthwe, pomwe padothi lofewa la gulu D ndi 1.35. Sukulu imawonjezeranso 1.2 chifukwa mumadzaza ana. Ndiye padambo nambala ya pamapu timaichulukitsa ndi 1.62.

Nditachulukitsa, mndandanda unasokonekera. Kachulu, amene anali kumunsi, anadumpha malo ena a pathanthwe oyandikira mng'alu. Woipitsitsa anali malo amodzi a ku Chingale okhala ndi zonse ziwiri, kuyandikira mng'alu komanso dothi la dambo.

Nambala ya pamenepo ndi imene ndinajambulira buloko yonse: ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo womanga makoma pamodzi) yozungulira osadukiza, zitsulo m'makona, mawindo otalikirana ndi ngodya. Kontilakitala anadandaula kuti simenti ndi zitsulo zachuluka pamalo a pathanthwe. Sananame. Koma mapulani awiri osiyana ndinawakana, chifukwa ndikudziwa mmene mapepala amasinthanirana m'galimoto ya foromani.