Ganyu Yokhala Katundu M'galimoto Yothamanga

Mlamu wanga, mchimwene wawo wa mayi a Tadala, ndi wojambula zithunzi. Maukwati, zinkhoswe, paliponse pamene anthu avala suti yobwereka, iye amakhalapo ndi kamera yake. Lachitatu lina anandiimbira foni.

"Alamu, Loweruka muli ndi chochita? Kwabwera anthu a magazini ya zamagalimoto a ku Joni, akufuna kuyesa magalimoto awiri othamanga konkuno ku Blantyre. Tikuperewera munthu mmodzi. Kuli kangachepe."

Mawu amene ndinamva bwino ndi awiri, kuyesa ndi othamanga. Pofika Lachisanu ku ofesi konse ankadziwa kuti ndikayendetsa galimoto ya mpikisano, ndipo mlonda wa pageti anali atandipempha kale kuti ndidzamuonetse vidiyo.

Musaganize kuti ndinkadzikweza popanda chifukwa. Ndili ndi Vitz, ya injini ya lita imodzi, masilinda atatu, yomwe pokwera mtunda wopita kwathu ku Chilomoni ndimayamba ndazimitsa AC kuti isandichititse manyazi pamaso pa akabaza. Koma inali ndi marimu. Marimu onyezimira, oti ana ankadziyang'anirapo nkhope. Mayi a Tadala ndinawauza kuti anandipatsa mnzanga wochokera ku Joni. Sabata yomweyo ndi imene akuba anandipisa m'thumba mumsika wa Limbe n'kutenga K180,000 ya banki mkhonde imene mayiwa anandituma kuti ndikawasiyire kwa msungichuma. Kunyumba kwathu palibe amene analumikiza nkhani ziwirizi, ndipo ine sindinaone chifukwa chowathandizira.

Loweruka 6 koloko m'mawa ndinali ku Chirimba, pa msewu watala wa mkati mwa mpanda wa kampani ina, wautali komanso wowongoka, umene anabwereka kuti pasadutse munthu. Magalimoto anali ataima kale. Ina inali Golf GTI yofiira, ija anyamata a ku Joni amaitcha Vrr-pha chifukwa cha kaphokoso kake posintha giya. Inayo inali Subaru WRX STI yabuluu, marimu agolide, chiphiko kumbuyo, mtundu wake uja wa galimoto imene Colin McRae anapambanira mpikisano wa magalimoto wa dziko lonse lapansi mu 1995. Vitz yanga ndinakaiimika kuseri kwa kontena.

Ndinapita kukapereka moni kwa mzungu wina wamtali, wandevu, poganiza kuti dalaivala mnzanga ndi ameneyo. Anali mkonzi wa magaziniyo. Dalaivala anali mtsikana wamfupi, wovala magalasi a maso, amene anakhala pa chigubu n'kumadya nthochi mwakachetechete. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana Subaru, mumtima ndinati lero anthu awa andifunadi.

Kenako mlamu anatulutsa sikelo m'chikwama, ija ya kubafa.

"Alamu, takwerani apa."

"Za chiyani?"

"Takwerani basi."

Sikelo inati 104. Mkonzi anagwira ndevu, analankhula ndi mtsikana uja, mlamu n'kumamasulira mosangalala kwambiri kuposa mmene nkhaniyo inkafunira. Magazini yawo, akuti, imayesa galimoto iliyonse mofanana: thanki yodzaza, anthu awiri m'kati, kuti manambala a galimoto ino athe kuyerekezedwa ndi a inzake. Munthu wawo wachiwiri anali atatsala ku hotela, m'mimba mutamuvuta. Iyeyo ndi wamakilo 80. Ndiye kuti zigwirizane, anatsegula buti ya Golf n'kutulutsa tayala la sipeya, jeke ndi zitsulo zake.

"Ndiye ine ndiyendetsa iti?" ndinafunsa.

"Alamu, inu simuyendetsa. Inu ndinu kulemera."

Ganyu ndi ganyu. Ndinameza malovu. Dzuwa lisanakwere anandigwiritsanso ntchito zina: kupukuta fumbi pamagalasi, kugwira chinsalu chonyezimira chowunikira zithunzi, kuthamangitsa mbuzi ziwiri zimene zinalowera pa chibowo cha mpanda. Galimoto ikasuntha mamita asanu okha, wojambula ankati ndipukutenso matayala. Amene mumasirira zithunzi za m'magazini, dziwani kuti kuseri kwa chithunzi chilichonse kuli munthu wagwada ndi chisanza.

Kayesedwe kake kanandidabwitsa. Ine ndinkayembekeza wotchi ya m'manja ndi munthu wokweza mbendera. Iwo anamata kachipangizo ka maginito padenga, waya n'kulowa pawindo kupita ku kabokosi ka GPS, komwe kamawerenga liwiro kangapo pa sekondi iliyonse. Ulendo uliwonse amauthamanga mbali zonse ziwiri, kupita ndi kubwera, n'kutenga nambala ya pakati, chifukwa msewu wooneka wosalala umakhala ndi kamtunda kobisika ndipo mphepo imakankha mbali imodzi. Mkonzi analembanso kutentha kwa kunja ndi kukwera kwa malo. Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Johannesburg ili pamwamba kuposa 1,700. Kumtunda mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 pa mamita 100 alionse. Ya turbo imadzikankhira yokha mpweya, ndiye siluza zambiri. Nkhani imeneyi ndinaikonda. Zaka zonsezi ndakhala ndikuinena Vitz yanga, osadziwa kuti vuto ndi mapiri a Blantyre. Ikanakhala ku Nsanje bwenzi ili chilombo.

Anandikhazika mu Golf, anandipatsa laputopu kuti ndiigwire pamiyendo, n'kundiuza kuti ndisakhudze batani lililonse. Pagalasi lakutsogolo panali timakamera tiwiri. Ndinaona kuti kena kayang'ana kumsewu, kenako sindinakafufuze.

Mtsikana uja anamanga lamba, anakonza magalasi ake. Anadina batani lina, anakokera giya pa S, phazi lamanzere anaponda buleki mwamphamvu, lamanja anaponda moto mpaka pansi. Galimoto sinasunthe. Injini inangoima pa liwu limodzi, ikunjenjemera, ikudikira. Ndinatembenuka kuti ndimuuze mwaulemu kuti mwina waiwala handibuleki.

Anachotsa phazi lamanzere.

Mutu wanga, umene unali utatembenuka, unakamenya mpando ndi khutu. Matayala akutsogolo analira pang'ono, kenako anagwira, kontena, mpanda, mlamu, zonse zinatsalira kumbuyo nthawi imodzi. Vrr-pha, giya yachiwiri. Ndisanapeze pamene ndinasiyira mpweya wanga, kabokosi kanalira kuti tafika makilomita 100 pa ola. Masekondi 6 ndi theka. Mu Vitz, nthawi imeneyo ndimakhala ndikadaganiza zolowa giya yachiwiri.

"Zili bwino?" anafunsa m'Chingerezi.

Ndinakweza chala chachikulu. Chinali kunjenjemera, koma chinakwera.

Subaru inali nkhani ina. Iyo giya zake ndi zamanja, zisanu ndi imodzi, ndipo imakoka ndi matayala onse anayi, ndiye palibe tayala limene limataya nthawi ndi kuterereka. Mtsikana anakweza injini mpaka inabangula, n'kusiya kilatchi kamodzi. Zimene zinachitika m'mimba mwanga sindingazilembe bwinobwino. Fungo la kilatchi yopsa linadzaza m'galimoto, mwini Subaru, bambo wina wa ku Namiwawa amene anaibwereketsa mwaufulu, anatembenuka n'kuyang'ana phiri la Michiru. Nambala inatuluka masekondi 5 ndi pang'ono. Mpaka apa ndinali ndisanatulutse mawu. Ndinkadziona kuti ndine mwamuna.

Kenako mkonzi anati tsopano mabuleki.

Anthu ambiri amaganiza kuti choopsa pa galimoto zoterezi ndi kuthamanga. Ayi. Galimoto yabwino imachoka pa 100 kufika poima m'masekondi osakwana 3, pa mtunda wa mamita osafika 40. Ndiye kuti imaima mwachangu kuwirikiza kawiri kuposa mmene inanyamukira, ndipo thupi lako limakankhidwira kutsogolo ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwako komwe. Kwa ine, makilo 104 onse ankafuna kutulukira pagalasi. Ndipo sachita kamodzi. Amabwereza kakhumi motsatizana, osapumitsa, kuti aone ngati mabuleki akatentha amayamba kufooka.

Kufooka. Mlamu anamasulira mawu amenewa mwadala, pang'onopang'ono, kenako analoza kumapeto kwa msewu kumene kunali khoma la njerwa.

Koyamba lamba anandidula pachifuwa, laputopu inandimenya pachibwano. Kachiwiri ndinaponyedwa ngati thumba la makala pa njinga yotsika Michiru yopanda mabuleki. Ndinayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima. Pofika pakati, utsi unali kutuluka m'matayala akutsogolo, fungo la chitsulo chotentha lili ponseponse, ndipo ine ndinkaona bwinobwino kuti khoma lija likuyandikira ulendo uliwonse. Mtsikana nkhope yake sinasinthe. Anathamanganso, singano inadutsa 100, inapitirira pang'ono, khoma linakula, njerwa ndinayamba kuziwerenga imodzi imodzi, iye osaponda.

Pamenepo pakamwa panga panatseguka pokha.

"Mayo ine! Buleki, mwana iwe, bulekiii! Ambuye ndilandireni! Ku Limbe sanandibere! Ndalama za banki mkhonde ndinagulira marimu! Marimu a Vitz ndinagula ndekha ku Ndirande, kulibe mnzanga wa ku Joni! Mayi a Tadala mundikhululukire, mugulitse marimuwo mulere ana!"

Galimoto inaima. Khoma linali patali mamita oposa 100. Mtsikana anandiyang'ana, anamwetulira koyamba tsiku lonselo, n'kutembenuza galimoto kuti tichitenso. Chichewa sankamva. Ndinathokoza Mulungu kawiri, chifukwa cha moyo ndi chifukwa cha chilankhulo.

Tinamaliza cha m'ma 11. Ndinatuluka miyendo ikukana, ndinakhala pa chigubu chija, ndinamwa Fanta imene wina anandipatsa. Mkonzi ndi mlamu anali pa laputopu kuonera zimene makamera ajambula. Ndinamva injini ikulira m'masipika, ndinamva matayala, kenako ndinamva mawu a munthu amene ndimamudziwa.

Kakamera kachiwiri kaja kanayang'ana mkati. Kanali ndi maikolofoni yabwino kwambiri.

Mkonzi anasangalala zedi. Anati zaka zonse zimene wakhala akuyesa magalimoto sanaonepo munthu wokhudzidwa chonchi, ndipo akufuna kuika kachidutswako pa tsamba lawo la Facebook ndi mawu omasulira pansi. Anafunsa mlamu kuti kodi bamboyu akuitamanda bwanji galimoto.

Ndinamuyang'ana mlamu. Iye anandiyang'ana. Munthu ameneyu ndinamubwerekapo suti. Ndinamuperekeza kuchinkhoswe chake ndi mafuta anga. Anatenga cholembera, anapempha kuti abwezeretse vidiyo poyambira, n'kumasulira liwu ndi liwu, mpaka dzina la msika.

"Alamu," ndinanong'ona titapatuka, "mlongo wanu asaone zimenezi."

"Aa, alamu, mukundiona bwanji? Ine sindingamutumizire mlongo wanga zoterezi."

Ananena zoona. Sanawatumizire. Anangoika pa gulu la WhatsApp la banja lonse, kumene kuli apongozi, atsibweni a ku Ntcheu ndi abusa ena amene sindidziwa kuti anawalowetsa ndani.

Nditafika ku Chilomoni ndinapeza nsima ya nkhuku ya lokolo, pa Loweruka wamba, pakati pa mwezi. Mayi a Tadala anagwada n'kundisambitsa m'manja, chinthu chimene anasiya kalekale. Anandipatsa ntchafu ndi nthutumba. Ndinadya movutika. Nditasamba m'manja kachiwiri, anaika foni patebulo, anaitsamiritsa ku botolo la mchere, anakweza voliyumu.

"Bambo a Tadala, akuba a ku Limbe aja ndakhala ndikufunitsitsa nditawaona nkhope. Tandithandizani, kodi ndi awa?"

Pa foni panali munthu wonenepa, maso ali pamtunda, masaya akugwedezeka, akuwerenga machimo ake. Pansi pake mawu a Chingerezi oyera bwino.

"Munthu akamaopa amalankhula zilizonse," ndinatero.

"Zoona. Mwatinso ndigulitse marimu ndilere ana. Mawu a munthu amene akufa sitiphwanya."

Lolemba m'mawa kunabwera anyamata awiri a ku Ndirande ndi jeke. Marimu anapita pa K120,000, chifukwa akuti ogwiritsidwa kale ntchito. Ndalama ya ganyu mlamu anakapereka yekha m'manja mwa mlongo wake, ine sindinaione ngakhale envelopu. Zotsalazo ndikubweza mwezi ndi mwezi, ndi chiwongoladzanja cha 20 pa 100 chimene amayi a banki mkhonde anagwirizana pa msonkhano umene vidiyo inaonetsedwa katatu, kachitatuko chifukwa msungichuma anachedwa. Vitz ili pa marimu achitsulo akuda amene ndinawataya kuseri kwa bafa, ndipo limodzi ndi lopindika.

Magazini itatuluka, mlamu anandibweretsera. Masamba asanu ndi limodzi, zithunzi zokongola, matayala owala amene ndinapukuta ine. Dzina langa mulibe. Pansi pa tebulo la manambala, m'timalemba ting'onoting'ono, analemba kuti tayala la sipeya linachotsedwa chifukwa cha kulemera kwa wokwera.

Mlonda wa kuntchito vidiyo anaiona ndisanamuonetse. Masiku ano ndikamafika pageti, liwiro langa lili 10, amaimika dzanja patali n'kukuwa kuti buleki, bwana, bulekiii, kenako amafunsa ngati pali china chimene ndikufuna kuulula asanatsegule.