Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Fizi ya sukulu ya mkaka

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinatsegula kasukulu ka mkaka kuseri kwa nyumba ku Mchini, komboni ya mu Chipata ku Zambia. Lero ndilemba za ndalama, pakuti pa zaka zimenezo nkhani ya fizi ndiyo inkandikhazika pansi ndi makolo temu iliyonse.

Ambiri ankayamba ndi funso limodzi: "Aphunzitsi, kodi boma silithandizako?" Limathandiza, koma silikupatsani ndalama m'manja zoti mukalipire ku sukulu ya munthu. Kuyambira Januwale 2022, m'sukulu za boma mulibe fizi kuchokera kalasi ya ana aang'ono mpaka giredi 12, ndipo mapulaimale ambiri a boma ali nayo kalasi imeneyi. Vuto ndi malo. Wopita kwa ahedi sukulu zitatsegulira kale amapeza kalasi yadzaza. Pitani temu yachitatu isanathe, mutenge kadi ya kusikelo ya mwana kapena chikalata chake chobadwira. Ngati sukulu yapafupi ilibe kalasiyi, ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lanu, angakuuzeni komwe ili.

Ulerewu umathera pa fizi. Yunifomu, nsapato, kachikwama ndi kamba wa mwana zili kwa inu. Chinanso, ana ameneŵa amaweruka chakumasana, nthawi yomwe mayi wogulitsa pa Kapata kapena pa Saturday Market sangasiye tomato wake pabenchi. N'chifukwa chake ena amakana zaulere n'kumalipira kwa ife osunga mwana mpaka madzulo, ndipo ine sindiwadzudzula.

Social Cash Transfer, ndalama yomwe boma limathandizira ovutika, si ndalama ya sukulu, koma agogo olera adzukulu amasiye imawapepuza. Imapita kumabanja osauka momwe muli nkhalamba, wolumala kwambiri, wodwala matenda okhalitsa, mabanja oyendetsedwa ndi ana, ndi mayi wolera yekha ana atatu kapena kuposa. Maina amadzera kwa a CWAC, komiti yoona za ovutika m'dera lanu, kenako ku ofesi ya Social Welfare, ndipo ndalama imabwera pa miyezi iwiri iliyonse. Za mabasale a CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, musavutike kuyenda: ndi a ana a kusekondale yogonera komweko ndi ophunzira ntchito zamanja.

Kwa otsala tonsefe, thandizo ndi chilimba (kusonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana) ndi banki ya m'mudzi, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya. Matemu amayamba mu Januwale, Meyi ndi Seputembala, koma chilimba sichidziwa zimenezo. Mukalandira mu Malichi, ndalamayo siiona Meyi. Polemba mndandanda wa olandira, pemphani poyera kuti amene ali ndi ana asukulu aikidwe sabata yotsegulira isanakwane. Kubanki ya m'mudzi musatenge ngongole yolipirira fizi. Ngongole ya kapenta wogulitsa imadzibweza yokha, koma ya fizi siibala kanthu, chiwongoladzanja chokha chimakwera mwezi ndi mwezi.

Chomwe ndinaona chikugwira ntchito n'kusonkha pang'onopang'ono. Tinene kuti fizi ndi K600 pa temu. Mukamaika K40 sabata iliyonse, pa masabata 15 yakwana, temu ina isanafike. Ndalamayo isakhale pa Airtel Money kapena MTN yomwe mumagulira ndiwo ndi mayunitsi a magetsi, imasungunuka osaiona. Ikhale ndi msungichuma wa gulu, m'buku lake lapadera, ndipo wosonkha azisaina.

Temu yowawa ndi ya Januwale. Gulu la banki ya m'mudzi limagawana mu Disembala, koma feteleza ndi Khirisimasi zimakhala zikudikira pakhomo, ndipo kutsogolo kuli miyezi ya njala. Ndinkauza makolo kuti tsiku logawana lomwelo abwere kudzalipira, ndalama isanagone m'nyumba. Alimi ndinkawalola kubweretsa chimanga, soya kapena nsawa pokolola, tikapima pa mtengo wa pamsika tsiku limenelo, n'kulemba. Zinkathandiza mbali zonse, chifukwa phala la ana linkachokera momwemo.

Musanapereke ngwee iliyonse, funsani ngati fiziyo ikuphatikiza phala, funsani nthawi yoweruka ndi zolipira mukachedwa kutenga mwana, ndipo kaoneni chimbudzi ndi maso anu. Lisiti muzitenga ngakhale mwangopereka K20. M'gawo lotsatira ndidzalemba za kalembetsedwe ka sukulu yotere ku boma.