20 September: Andrew Kim, ndi voice note ya ku Rome

Lero ndadzuka 5 koloko kuthamangira Misa ya m'mawa, kunja fumbi lokhalokha. Bambo mfumu anavala zofiira chifukwa ndi tsiku la Andrew Kim Taegon ndi anzake aku Korea ofera chikhulupiriro, ndiye ine ndimati alalikira za kudulidwa mutu kwake mu 1846, koma ayi, anakhazikika pa zaka zomwe Kim anali mwana wa seminale.

Taganizani mnyamata wa zaka 15 kunyamuka kwawo December 1836 ndi anzake awiri, kudutsa China yense, miyezi sikisi panjira, kukafika ku Macau June 1837. Seminale yeniyeni kunalibe, amangophunzira m'nyumba ya ansembe a Paris Foreign Missions, Chilatini tsiku ndi tsiku mpaka anayamba kulembera aphunzitsi ake makalata m'Chilatini chomwecho. Chaka chisanathe mnzawo Choe Bang-je anadwala n'kumwalira, anatsala awiri basi, kenako 1839 ku Macau kutavuta anathawira ku Lolomboy ku Philippines. Chomwe chandikhala pamtima n'chakuti chaka chomwecho bambo ake a Kim anaphedwa ku Korea chifukwa cha chipembedzo, iye osadziwa, kumangoloweza Chilatini chake, uthenga anadzaumva patatha zaka zitatu. Zitatu!

Ndafika kunyumba ndapeza voice note ya mlongo wanga wamng'ono amene ali ku seminale ku Rome. Mphindi zinayi zonse kudandaula pasta, akuti mimba yake sikumva kuti wadya, tipeze munthu womubweretsera ufa ndi usipa, belu limalira kusanache, Chitaliyana cha aphunzitsi chimathamanga ngati minibasi yochedwa. Ndaseka ndekha. Koma kumapeto anafunsa kuti amayi ali bwanji.

Apa ndiye pavuta. Amayi ali ndi masabata awiri akutsokomola, dzulo tinali nawo kuchipatala, ndipo anandiletsa kuti "usamuuze mwanayo, angasokonezeke ndi sukulu." Ndakhala nayo foni m'manja mpaka nyemba zinapserera pambaula.

Madzulo ndinalowa kuchipinda kwawo n'kuwafotokozera za Kim uja. Anangoti zii, kenako akuti "muimbire, koma ndilankhula ndekha." Analankhuladi, theka la ola. Za chifuwa anangotchula kamodzi, zina zonse zinali za usipa.