Loweruka ku Chinamwali: Hilux ya amalume yafiiranso

Ndikulemba izi mapewa akuphwanya. Tsiku lonse lathera pa Hilux ya amalume, ija ya 1994 imene ana a kuno ku Chinamwali, ku Zomba, amaidziwa ndi kulira kwake isanatulukire n'komwe pakona. Mu bulubuku analemba kuti ndi yofiira, koma mpaka m'mawa wa lero munthu akanalumbira kuti ndi ya pinki. Boneti ndi denga zinali mbuu, ukatsamira pachitseko malaya ankatenga ufa wofiirira.

Chinkhoswe cha mchemwali wanga chili Loweruka likubwerali ndipo amalume ndiwo nkhoswe. Safuna kukafika kwa eni ake mwamuna pa galimoto yotuwa. Anapita kukafunsa mtengo wopopera penti yatsopano galimoto yonse, ndipo anabwerako ali duu, osafuna n'kutchula komwe ndalama imene anauzidwa. Ndinawapempha kuti andipatse tsiku limodzi asanagulitse mbuzi.

Tinayamba kusanache bwino. Mwezi uno wa Okutobala dzuwa likangotuluka chitsulo chimatentha, sopo n'kumaumira pabodi usanamutsukuluze. Tinaikankhira pansi pa shedi ya malata kuseri kwa nyumba. Amalume ankafuna pansi pa mango pomwe imagona masiku onse, ine ndinakana. Mtengo umenewo ndi umene waiononga theka: utomoni, zitosi za mbalame, ndi za mileme usiku. Zitosi zikakhalitsa padzuwa zimadya penti n'kusiya chipsera, ndipo paboneti zipsera zotere zinalipo zambiri.

Potsuka ndinatenga ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina ya madzi okhaokha otsukuluziramo siponji ndisanaiviikenso m'thovu. Kuyambira padenga kutsika, matayala pomaliza ndi chiguduli chawochawo. Anyamata ambiri otsuka magalimoto m'tauni muno amagwira ntchito molimbika, koma chiguduli chimodzi chomwecho chimachoka patayala kupita paboneti, chitanyamula mchenga. Timizere tozungulira timene timaoneka galimoto ikaima padzuwa timachokera pamenepo. Ndinagwiritsa sopo wotsukira mbale, amene masiku ena sindingalole, chifukwa amachotsa wakisi. Lero ndimafuna kuti chilichonse chakale chichoke. Akazi awo a amalume anaima pakhomo la khitchini akuyang'ana mpopi, ndipo anangoti, "Madzi a ku Mulunguzi si aulere, bambo." Ndinachepetsa.

M'munsi mwa zitseko munali timadontho takuda ta tala wa pamsewu wa M3. Amenewo sopo sawatha. Kansalu konyowetsa ndi parafini, kudikira pang'ono, tala amasungunuka yekha, kenako kutsukanso ndi sopo kuti mafuta asatsale. Pafupi ndi pothirira dizilo panalinso mzere wakuda wotsika mpaka pamadigadi, nawo unachoka.

Galimoto itauma ndinavala kajumbo kopyapyala kudzanja n'kusisita paboneti. Ndi dzanja lokha umamva ngati payera, koma kudzera m'jumbo timchenga tonse tomatirira timamveka khekhekhe. Timeneti timachoka ndi clay bar, kadongo kofewa kamene msuweni wanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Umathira madzi a sopo, n'kumakatsetsereka pang'onopang'ono, kakada umakapinda. Kakagwa pansi umakataya, chifukwa katola mchenga. Ntchito yotopetsa ndipo palibe choonetsa ukaimaliza, tingoidutsa.

Chimene ndimadikira chinali ichi. Ndinatenga kansalu koyera, n'kudonthezapo pang'ono kompaundi, polishi wokhakhala wopalira penti, n'kusisita pakona ya chitseko cha dalaivala. Kansalu kanafiira piriwiri. Amalume anadzuka pampando.

"Iwe mphwanga, ukundichotsera penti yanga!"

"Amalume, imene ikuchokayi inafa kale. Taonani pomwe ndasisitapo."

Anawerama. Pakona paja panali kachigamba kofiira kwambiri, kowala, pakati pa pinki yense uja. Anakagwira ndi chala, n'kuyang'ana chalacho, osayankhula.

Penti ya magalimoto ili mitundu iwiri. Magalimoto ambiri a masiku ano amapopera mtundu kaye, pamwamba pake n'kuika clear, penti yopanda mtundu imene imawala ndi kuteteza. Mapikapu ambiri akale, makamaka ofiira ndi oyera, anali ndi penti ya single stage: mtundu ndi kuwala zonse m'chimodzi. Dzuwa limawotcha utomoni umene umagwira mtunduwo, pamwamba pake n'kusanduka ufa. Ufa umenewo ndi umene maso amaona ngati kutuwa. Pansi pake penti imakhala ili moyo. Kansalu kakafiira ndiye kuti uli ndi single stage ndipo mwayi ulipo. Pa galimoto ya clear kansalu sikatenga mtundu.

Koma mwayiwo uli ndi malire, ndipo apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anthu ambiri opukuta magalimoto. Kompaundi sawonjezera kanthu pagalimoto, amapala. Penti ya ku fakitale, kuwerengera pamodzi ndi pulayimala, penti yoyamba ya pansi ija, kawirikawiri kuchindikala kwake kumakhala pakati pa ma micron 100 ndi 150 (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi). Majumbo amene boma linaletsa mu 2015 ndi osakwana ma micron 60. Ndiye kuti chonse chimene chikutchinga chitsulo cha Hilux ku mvula ya ku Zomba ndi ngati majumbo awiri osanjikiza, ndipo zaka zonsezi dzuwa lakhala likudyapo. Ukapala lero, ukapalanso pa Khirisimasi, chaka chamawa uona pulayimala. Imene yachoka sibwerera.

Chitseko cha kumanzere chinandiuza nkhani ina. Kansalu sikanafiire, ndipo m'mwamba mwake penti ikusendeka, m'mphepete mwa mosendekamo muli moyera. Ndinakulunga maginito a sipika yakale m'chiguduli n'kuyendetsa pachitsekocho. Pakati penipeni maginito anagwa. Fila, phala lija amamata pogundidwa, limene maginito sagwira.

"Amalume, chitseko ichi chinagundidwapo?"

Anakhosomola kaye. Kenako anavomera kuti ngolo ya ng'ombe inawapeza pa Jali kalekale, ndipo mmisiri wina anawongola, n'kumata fila, n'kupopera ndi clear pamwamba. Clear akayamba kusendeka palibe polishi amene angamubweze. Ukasisita umangokulitsa bala. Chitseko chimenecho ndinangochitsuka n'kuchisiya.

Makina opukutira ndinabwereka kwa mnzanga wa ku Matawale. Ndikumangirira siponji yake, bambo wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda n'kunena kuti iwo ali ndi gulayinda, ndi yamphamvu, ntchito ingathe msanga. Ndinawathokoza n'kukana. Gulayinda yaing'ono imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi. Popukuta penti umafuna 1,200 mpaka 1,500. Ukaika siponji pa gulayinda penti imapsa usanaphethire, ndipo magalimoto okhala ndi zigamba zotuwa m'makona amene timakumana nawo pamsewu ambiri anadutsa m'manja otero. Ndinamata tepi m'mphepete monse mwa boneti, pamizere yotukuka, ndi pa malabala a magalasi. M'mphepete penti imakhala yopyapyala chichokereni ku fakitale.

Penti yakale ya mtundu uwu imakhala youma, imamwa. Ndinayamba ndaipaka polishi wamafuta ndi dzanja n'kuisiya kanthawi kuti ifewe, kenako kompaundi. Ndinadula boneti pakati ndi tepi n'kuyamba mbali imodzi, kachigawo kakang'ono kakang'ono, ngati theka la mita mbali zonse. Makina osaimika malo amodzi, dzanja linalo kumagwira chitsulo kumva kutentha. Siponji inkadzaza ufa wofiira msangamsanga moti msuweni wanga wamng'ono, mwana wa amalume, ntchito yake inali yoitsuka ndi kasuwachi kakale. Nditachotsa tepi ija pakati pa boneti panali mzere woongoka: uku pinki, uku kufiira kwa magazi. Amayi awiri ochokera kumsika anatula madengu kuti aone. Wina anafunsa ngati tikupenta. Amalume ndiwo anayankha, mokweza, kuti ayi, ndi penti yake yomwe ija ya ku fakitale.

Zipsera za zitosi zina zinachoka, zina zinangochepa. Pali kukanda kumodzi kwakutali pamadigadi kumene chikhadabo chimakodwa ukadutsitsapo. Chikhadabo chikakodwa ndiye kuti kwazama, kukuthamangitsa ndi sandipepa ya 2000 kungathe penti yonse yozungulira. Ndinangokufewetsa m'mbali kuti kusamaonekere patali.

Cha m'ma 12 magetsi anathima. Tinakhala pakhonde kudya nsima ya matemba, ndipo matembawo ndi amene anawayambitsa amalume nkhani za ku Kachulu. Galimoto iyi yanyamula nsomba za ku Chilwa zaka zambiri, mpunga wa kudambo, tomato wa ku Thondwe, mbatata ya kachewere yotsika kuphiri. Anakumbutsa za 1995 pomwe nyanja inauma anthu n'kumayenda pansi pomwe pankadutsa mabwato, ndi 2018 pomwe inaphwanso iwo n'kusiya nsomba kuyamba kunyamula njerwa. Ine ndimamvetsera maso ali kubodi yakumbuyo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere, ndipo madzi odontha m'madengu a nsomba akhala akulowa m'makona a bodi zaka zonsezi. Pamwamba pa matayala akumbuyo penti yatupa timatuza. Ndinabaya kamodzi ndi sikuludalaiva, munatuluka dzimbiri lofumbutuka. Chitsulo sichinabooke, koma chatsala pang'ono.

Amalume ankafuna ndingopakapo polishi kuti pa chinkhoswe pasaoneke. Ndinawauza kuti dzimbiri silimva polishi. Pamafunika kupala mpaka chitsulo chiyere, kupaka mankhwala a asidi aja osandutsa dzimbiri lotsala kukhala lakuda, kenako pulayimala, kenako penti. Ntchito imeneyo si ya lero.

Magetsi sanabwere msanga, ndiye denga ndinalikwerera ndi dzanja, nditaima pabodi. Mwina zinathandiza. Denga ndi limene lalandira dzuwa kwambiri, ndipo nditangosisita pang'ono ndinaona kuti pamizere yotukuka kufiirako kukuoneka kopyapyala, kamthunzi kotuwa kakusuzumira pansi pake. Ndinaika kompaundi pambali. Denga lonse ndinalipukuta ndi polishi wofewa basi. Lafiira, koma silikuwala ngati boneti.

Apa tinakangana ndithu. Amalume anakwera pa tayala, n'kuyerekeza denga ndi boneti, n'kunena kuti ndatopa ndiye ndikufuna kuthawa ntchito.

"Bwereza mphwanga, liwale ngati kutsogoloku."

"Ndikabwereza, amalume, pa chinkhoswe mupita ndi denga la mawangamawanga. Ndani akakwere pamwamba kukaliona?"

"Mulungu amaona."

Tonse tinaseka, koma sindinabwereze. Kwa ine galimoto ya zaka zoposa 30 iyenera kuoneka yosamalidwa, siyenera kunamizira kuti yatuluka m'shopu dzulo. Penti ya ku fakitale inawotchedwa mu uvuni pa bodi yopanda kanthu, inagwira chitsulo mwa njira imene kupopera kwa pabwalo, fumbi likuuluka, sikungafikepo. Kuitha dala chifukwa cha tsiku limodzi la chinkhoswe ndi kutaya chinthu chabwino.

Magetsi atabwera ndinamaliza zitseko, mamadigadi ndi mbali za bodi, kenako polishi wofewa galimoto yonse kuchotsa timizere ta kompaundi. Dzuwa litapendekera ku phiri tinapaka wakisi wa carnauba, amene amachokera ku masamba a mgwalangwa wina wa ku Brazil. Umapaka mopyapyala, ukachita mbuu umapukuta. Penti ya single stage ikangopalidwa imakhala pamtunda, ukaisiya yopanda wakisi pakatha miyezi yochepa yayambanso kutuwa. Ndi kutentha kwa kuno wakisi sakhalitsa, ndiye ndawauza kuti mvula isanayambe tipakenso. Mwana uja anabwera ndi oyilo wakuda wa mu injini kuti apake mapulasitiki akuda ndi matayala, monga amachitira anzake pa siteji ya minibasi. Ndinamulanda. Zimawala tsiku limodzi, mawa lake fumbi lonse la Chinamwali lili pompo, ndipo oyilo amaononga labala. Ndinamuonetsanso pansi pa boneti pomwe brake fluid, mafuta a mabuleki, anadonthera kalekale n'kusenda penti mpaka pachitsulo, kuti akamathira azisamala.

Tili pansi pa boneti pomwepo ndinawaonetsa amalume kachitsulo ka fakitale kokhomedwa m'chipinda cha injini. Pamzere wolembedwa C/TR pali nambala ya penti. Ndaijambula pafoni. Lolemba ndikwera minibasi ya ku Limbe kukasakanizitsa penti yochepa, yokwanira makona a bodi ndi chitseko chakumanzere chija, ndipo ndinyamula kachitseko ka pothirira dizilo kuti osakanizawo akayerekeze ndi mtundu mmene ulili lero, chifukwa nambala yokha imapereka kufiira kwa 1994. Amalume avomera kulipira penti ndi pulayimala. Za thiransipoti yanga akuti tikambirana mawa tikaweruka ku tchalitchi.