Pulogalamu ikamangodzitsekera: mmene ndimawerengera crash log pa Windows

Pulogalamu ikadzitsekera yokha, ndimayamba ndayang'ana wotchi n'kulemba nthawi yake, mpaka mphindi. Popanda nthawiyo ndimasochera, chifukwa Windows imalemba mizere yambirimbiri tsiku lililonse, ndipo yambiri siikhudzana ndi vutolo.

Kenako ndimadina batani la Windows ndi la R pamodzi, n'kulemba eventvwr.msc m'kabokosi kamene katuluka, kuti nditsegule Event Viewer, pulogalamu yoonetsa zimene Windows yalemba. Mu Event Viewer ndimalowa mu Windows Logs, kenako Application. Kumanja kuli Filter Current Log. M'menemo ndimalemba 1000, nambala ya Application Error, kuti zina zonse zichoke. Ngati pulogalamuyo inangouma osatseka, nambala yake ndi 1002.

Ndikapeza mzere wogwirizana ndi nthawi ija, ndimawerenga zinthu ziwiri: Faulting module name (dzina la failo imene pulogalamu inagweramo) ndi Exception code.

Exception code imanena mtundu wa ngozi. 0xc0000005 ndiyo imabwera kawirikawiri: pulogalamu inakhudza malo a memory amene siiloledwa kukhudza. 0xc00000fd ndiye kuti stack (gawo la memory losungira ntchito zimene pulogalamu sinamalize) yadzaza, nthawi zambiri chifukwa cha function (kachigawo ka pulogalamu) yomangodziitana yokha osaleka. Ndikaona 0xe0434352 ndimadziwa kuti ndi pulogalamu ya .NET (njira ya Microsoft yopangira mapulogalamu), ndipo ndimafufuza mzere wa nambala 1026 wa nthawi yomweyo, poti stack trace yonse, mndandanda wa ma function amene pulogalamu inadutsamo isanagwe, imakhala m'menemo.

Pa module m'pamene ambiri amapusitsika. Akaona ntdll.dll kapena KERNELBASE.dll, omwe ndi mafailo a Windows yeniyeniyo, amathamangira kunena kuti Windows yawonongeka, ena mpaka kukatenga DLL ina pa intaneti. Musayerekeze. Mafailo awiriwa amangokhala pamalo pamene pulogalamu yagwera. Woikankha amakhala wina. Makamaka pa 0xc0000374, memory imakhala itawonongedwa kale, ntdll.dll yangotulukira mochedwa. Koma module ikakhala ya pulagini, ya antivayirasi kapena ya driver wa graphics, pamenepo ndagwira poyambira: ndimachotsa kapena kusintha chinthu chimodzi chokhacho, n'kuyesanso.

Kuti ndidziwe ngati vutoli linayamba pambuyo pa update inayake, ndimalemba perfmon /rel m'kabokosi ka Windows ndi R kaja, kuti nditsegule Reliability Monitor. Reliability Monitor imaonetsa tsiku ndi tsiku zimene zinaikidwa ndi zimene zinagwa.

Sikirini ikachita buluu nkhani yake ndi ina. Failo yofotokoza ngoziyo imakhala mu C:\Windows\Minidump. Ndimaitsegula ndi WinDbg, pulogalamu ya Microsoft yowerengera mafailo otere, n'kulemba !analyze -v, n'kuyang'ana dzina limene lili pa IMAGE_NAME.